Chaka Chachiwiri Chinandigwetsa Ine

Chinyunyu, Loweruka masana

Wokondedwa Taonga, mwana wanga,

Ndikulembera kalata munthu amene ali kuseri kwa khoma ili, amene ndikumumva akulimbana ndi zipi ya sutikesi. Usaseke, wandichititsa ndiwe. Holide yonseyi ndakhala ndikufuna kulankhula nawe, koma ndikangoti "Taonga," iwe umayankha kuti "ndamva, amayi" ndisananene chilichonse, maso ali pa foni. Wamva chiyani? Ine mphunzitsi amene ana a eni amakhala chete ndikangotsokomola pakhonde la sukulu, m'nyumba mwanga momwe ndimamvedwa ngati wailesi ya kwa aneba. Chabwino. Pepala sungalidule mawu. Ndiliika m'thumba la chikhoti chako choyera chija, ulipeza Lolemba.

Mawa ukwera basi ya ku Lusaka kukayamba chaka chachiwiri. Chaka choyamba unakhoza bwino, sindikukana, ndipo ndikanafuna kukana sindikanatha, chifukwa atate ako analengeza kuyambira pa akasupe otentha mpaka ku Mpanshya. Ogulitsa nthochi pamsewu akukutcha kale "ba dokota." Koma tiuzane zoona, ine ndi iwe. Chaka choyamba chinali sekondale yovala nsapato za gogoda: masamu, fizikisi, kemisitiri, zinthu zomwe unazizolowera. Udokotala weniweni ukuyamba Lolemba ndi anatomi, fiziyoloji ndi bayokemisitiri. Malamulo ake ukuwadziwa: ukagwa amakubweza, ukagwanso amakuonetsa geti. Ndipo iwe ukupita kumeneko ndi kawerengedwe kako kaja: kudzitsekera wekha, kukopera buku lonse ndi zolembera za mitundu itatu, n'kuloweza. Dzana unandiuza monyadira kuti watuluka m'gulu la anzako owerenga nawo chifukwa "amakuchedwetsa." 

Kawerengedwe kameneko ndikukadziwa chifukwa n'kanga. Ngati waimirira, khala pansi. Iwe umadziwa kuti amayi ako anapita ku yunivesite kukaphunzira uphunzitsi wa bayoloji. N'zoona, koma ndi mchira wa nkhani chabe. Mutu wake ndi wakuti ndinayamba ndi udokotala. Ndinalowa chaka chachiwiri dzina langa lili pamwamba pa mndandanda, ndinagwa, anandibweza, ndinagwanso, ndipo geti lija ndinaliona ndi maso anga. Ndi lobiriwira. Atate ako akudziwa, ndipo ichi ndicho chinsinsi chokhacho chimene munthu ameneyu wasunga m'moyo wake wonse, mwina anangoiwala. Choncho malangizo awa sakuchokera kwa munthu wanzeru. Akuchokera kwa munthu amene akudziwa pamene pali dzenje chifukwa anagweramo kawiri.

Chimene chandilembetsa ndi mbuzi ya Lachinayi. Ba Njovu, aja ootcha nyama ya michopo pamsewu, atabwera kudzatiphera mbuzi ya phwando lako lotsanzikana, ndinatenga mtima wake n'kukuikira pa mbale. Unali utawerengeratu mutu wonse wa mtima pa holide, ndipo unandilakatulira zipinda zonse zinayi ndi zitseko zake m'Chingerezi chosalala, mpaka nkhuku zinaima. Kenako ndinati, "Ndionetse mtsempha waukulu umene umatulutsa magazi kupita m'thupi." Unauzungulira mtimawo ndi nsonga ya foloko ngati uli ndi minga. Ba Njovu, amene sukulu anaisiyira giredi faifi, anapukuta manja pa thalauza n'kunena kuti, "Ba dokota, muopa chani? Yafa kudala iyi, siluma. Ikani chala apa. Mwamva kulimba monga paipi ya mpira? Ndiye wamene uyo. Manje gwirani mbali iyi, mwaona kunenepa? Iyi ndiye imagwira nchito ikulu." Unaseka, tonse tinaseka. Koma ine ndinaona mtsikana wina amene ndinkamudziwa kale, ataima ndi buku m'manja, akuopa kudetsa zala.

Ndikuuze za mtsikana ameneyo. M'chipinda chophunziriramo mitembo tinkakhala magulu, gulu lililonse ndi thupi lake. Ine ndinadzisankha ndekha kukhala wowerenga. Ndinkaima kumbuyo ndi buku n'kumauza anzanga kuti, "Tsopano mupeza mtsempha wakuti pansi pa mnofu wakuti," iwo n'kumafufuza, thukuta lili kamukamu. Ndinkadziona ngati kapitawo. Chikhoti changa chinali choyera kuposa cha aliyense. Ndiye anafika mayeso a belu. Amaika ziwalo pa matebulo, chilichonse chili ndi kasingano kobaya penapake, iwe ulembe dzina la chabayidwacho; belu likalira, usunthire pa tebulo lina, kaya walemba kaya sunalembe. Taonga, m'buku mitsempha ina ndi yofiira, ina yabuluu, ina yachikasu, yokongola ngati chitenje cha pa ukwati. M'thupi lenileni zonse ndi zamtundu umodzi, ngati nyama yowamba. Ndinkadziwa tsamba, ndinkadziwa kuti chithunzicho chili kudzanja lamanja pamwamba, koma chinthu chili pamaso pangacho chinali mlendo. Ngili! Ndasuntha. Ngili! Ndasuntha. Ndinazungulira chipinda chonse ngati munthu wofunafuna mbuzi yosakhala yake. Mpaka lero belu la kusukulu kwathu likalira mwadzidzidzi, ndimangopezeka ndasuntha.

Ndiye gwira ndi manja, mwana wanga. Werenga usanalowe, inde, kuti udziwe chimene ukufuna, koma ukalowa ima kutsogolo, vala magolovesi, ufufuze wekha. Ukapeza, tsatira chinthucho ndi chala: chachokera kuti, chikupita kuti, chayandikana ndi chiyani. Ukatuluka, tseka buku ujambule zimene waona, ngakhale chithunzi chako chifanane ndi mapu a munda. Fungo la mankhwala osungira mitembo lidzakulowa mpaka m'tsitsi, ndipo chodabwitsa n'chakuti limabweretsa njala. Usachite nazo manyazi, sunasanduke mfiti. Ba anti ako akuti ukamabwera ku holide uziyamba wasamba ku akasupe usanalowe m'nyumba. Ukasambe, madzi ake ndi abwino ndipo mtima wawo ukhala pansi, koma okuteteza kwenikweni ndi sopo ndi magolovesi. Chimodzi chokha usasewere nacho: amene wagona patebuloyo anali munthu, anali ndi dzina, wina anamubereka. Osamujambula pa foni, osamupatsa dzina lachipongwe. Ndiye mphunzitsi wako woleza mtima kuposa onse. Gwira ndi manja, ukumva? Ndi ulemu, koma gwira.

Fiziyoloji inandigwetsa mwa njira ina. Tinali ndi mphunzitsi wina wamfupi, wa dazi, amene tinkamutcha a Chifukwa, poti ndiwo mawu okhawo amene ankaoneka kuti amawadziwa. Pa mayeso apakamwa anandifunsa kuti, "Munthu wataya magazi ambiri pangozi. Mtima wake ukugunda bwanji?" Ndinati mofulumira. "Chifukwa?" Ndinawapatsa ndime yonse ya m'buku, mpaka ndi mpumiro womwe. Anagwedeza mutu ngati akumva nyimbo yokoma, n'kunenanso kuti, "Chifukwa?" Ndinabwereza ndime yomweyo mokweza, ngati vuto linali makutu awo. Anavula magalasi n'kunena kuti, "Mayi, buku ndili nalo kunyumba. Ndimafuna kudziwa ngati muli munthu m'katimo." Ndinatuluka ndili wokwiya, ndinauza aliyense kuti bamboyo amadana ndi atsikana anzeru. Zinanditengera zaka, ndili kale mphunzitsi, kuti ndimvetse kuti yankho linali lapafupi: magazi akachepa, mphamvu yake m'mitsempha imatsika, thupi limazindikira, limauza mtima kuti fulumira kuti ochepa otsalawo afike ku ubongo. Basi. Mwana wa giredi naini akhoza kumva zimenezi.

Muyeso wake ndi umenewo. Chilichonse chimene wawerenga mu fiziyoloji, tseka buku uchifotokoze m'Chinyanja, mokweza, ngati ukuuza mayi wogulitsa tomato. Pamene lilime lakakamira, pamene wathawira ku liwu lalitali la Chingerezi, pamenepo ndiye sunamvetse, bwerera pomwepo. Chingerezi chimabisa umbuli bwino kwambiri, ndakhala ndikuchonga mayeso zaka zambiri, ndikudziwa. Ndipo funsa nthawi zonse kuti, ichi chikawonongeka, munthu adzaoneka bwanji? Pakuti chaka chamawa adzakuphunzitsa matenda, ndipo sungadziwe chokhota usanadziwe chowongoka.

Za bayokemisitiri ndikuchita nazo manyazi, koma poti ndayamba kuvula, ndivule zonse. Mudzapatsidwa mizere yaitali yoonetsa mmene shuga amasandukira ichi, ichi n'kusanduka icho, mayina ngati a mankhwala a makoswe. Ine mwanzeru zanga ndinaika mayinawo m'nyimbo ya kwaya ya kutchalitchi kwathu. Ndinkaimba posamba, ndinkaimba pochapa, zinkayenda ngati madzi. Tsiku la mayeso funso silinati lembani mzere wonse. Linati: chitseko chakuti cha pa mzerewo chikatsekeka, chidzachuluka n'chiyani, chidzasowa n'chiyani? Ndinayamba kung'ung'udza nyimbo yanga kuchokera pachiyambi kuti ndifike pa chitsekocho. Ndikasokoneza, ndiyambirenso. Woyang'anira mayeso anabwera n'kundinong'oneza kuti, "Mayi, Misa ndi Lamlungu." Mzere wonse wa mabenchi unagwedezeka ndi kuseka.

Uiwerenge ngati mmene umadziwira ulendo wa minibasi kuchoka kuno kupita ku Lusaka. Suloweza mtengo uliwonse wa m'mbali mwa msewu. Umadziwa kumene ikuchokera, kumene ikupita, pamene anthu amakwera, pamene amatsika, ndi pamene pali chotchinga cha apolisi choti chikatsekedwa magalimoto onse amaunjikana kumbuyo. Yamba ndi zimenezo. Mayina a timidzi ta pakati adzabwera okha ukadutsa msewuwo kambirimbiri. Kambirimbiri, ndati, osati kamodzi kothamanga. Zimene waphunzira lero uzionenso lero lomwe, uzionenso kumapeto kwa sabata, uzionenso mwezi ukamatha. Chaka chachiwiri chili ngati udzu wa mu Januwale: ukangoti ndipalira sabata yamawa, chimanga suchionanso. Ine ndinkasiya zonse mpaka mayeso atayandikira, kenako n'kumakhala mapazi ali m'beseni la madzi ozizira kuti ndisagone. Chimene ndinapindula ndi chimfine.

Ndinalinso mneneri, usandione chonchi. Ndinasonkhanitsa mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo n'kuwerengetsera kuti mwendo wabwera kawiri motsatizana, ndiye chaka chino ndi cha mkono. Mkono ndinaudziwa, Taonga, kuyambira paphewa mpaka ku chikhadabo. Mwendo ndinausiya kuti udziyendere wokha. Nditatembenuza pepala, funso loyamba bondo, lachiwiri chiuno. Mapepala akale ndi abwino, uwagwiritse ntchito, koma ngati sikelo yodziyezera: khala pansi, ika wotchi patsogolo, yankha buku lili chitsekere, uone pamene wagwa. Asakhale ula. Wodwala sadzabwera ndi chiwalo chimene iwe unalosera.

Tsopano za anzako "okuchedwetsa" aja. M'kalasi mwathu munali mtsikana wa ku Monze dzina lake Mutinta. Ankakhala kutsogolo, ndipo dzanja lake silinkatsika. "Pepani, sindinamve, bwerezani." "Pepani, mwati chimalowa kapena chimatuluka?" Ife akumbuyo tinkatsinana. Ineyo ndi amene ndinamupatsa dzina loti Pepani, ndipo linamukakamira chaka chonse. Tsiku lina anandipeza ku laibulale n'kunena kuti, "Iwe ndiwe wanzeru, bwera m'gulu lathu Lachitatu, tizifunsana mafunso." Ndinamuyankha kuti ndimawerenga bwino ndili ndekha. Zoona zake n'zakuti ndinkaopa. M'gulu wina akanandifunsa funso, ine n'kulephera, onse n'kudziwa kuti wanzeru uja ndi ng'oma yopanda kanthu m'kati. Kukhala ndekha kunkanditeteza kwa mboni. Pepani uja lero ndi dokotala wochita maopaleshoni. Ndinakumana naye pa maliro ena, anandikumbatira, anandifunsa za iwe, ndipo sanakumbukire n'komwe kuti dzina lija ndinamupatsa ndine. Chipongwe chotani chimenechi! Munthu akukhululukire osadziwa n'komwe!

Bwerera m'gulu lija. Ngati lili la macheza ndi mafoni, peza lina, la anthu atatu kapena anayi, osapitirira, oti aliyense abwere atawerenga kale, mufunsane mopanda chifundo. Amene akukuchedwetsa ndi funso lake ndi amene akukuonetsa ngati ukudziwadi. Ndipo phunzira kutchula mawu awa, amene m'banja mwathu amatuluka movutikira ngati dzino la kumapeto: "sindikudziwa." Yesera pa galasi. Uwanene kwa aphunzitsi, uwanene kwa anzako, uwanenenso kuno kumudzi. Ndinakuona sabata yatha mayi uja wa ku Shikabeta atakuonetsa chotupa cha pakhosi, unakwinya nkhope ngati munthu amene akuganiza zakuya, n'kuyamba kuti "mwina ndi..." Mwina ndi chiyani? Sunaphunzire ngakhale khosi lenilenilo! Yankho lako kwa zaka zingapo zikubwerazi ndi limodzi: "Sindikudziwa, mayi, pitani kuchipatala." Dzina la "ba dokota" lisakukwere m'mutu. Ndi ngati jekete ya atate ako: ulivale udzakula, pakali pano manja ake akulendewera.

Zina ndi zazing'ono, ndingozitchula. Idya. Mabisiketi si chakudya. Gona, chifukwa mutu wosagona uli ngati dengu lotungira madzi. Lamlungu masana tseka mabuku, upite kukaona anthu amene sadziwa dzina la fupa lililonse. Za anyamata sindinena zambiri, uli ndi maso. Koma amene adzakuuze kuti "uwerenga mawa" mayeso ali mkucha, umuyang'ane bwinobwino, ameneyo ndi matenda amene sali m'buku.

Chatsala ndi chimodzi, ndipo ndicho chachikulu. Ukaiwala zina zonse, ichi chokha usunge.

Kulephera kwanga sikunayambe ndi mayeso omaliza. Kunayamba ndi kamayeso kakang'ono ka mwezi wachiwiri, kamene ndinagwa ndi mamalikisi ochepa chabe. Pamenepo zonse zinali zotheka kukonza. Koma agogo ako aamuna, atate anga, ankatchedwa kale "atate a dokotala" pa tchalitchi ku Mpanshya, ndipo ankayenda ngati munthu amene wakolola ngolo khumi. Ndinawalembera kalata kuti zonse zili bwino. Nditagwa kachiwiri ndinalembanso kuti zonse zili bwino. Atandibweza chaka ndinawauza kuti sukulu yasintha dongosolo. Zaka ziwiri, Taonga, ndikunyamula mwala umenewo ndekha, osauza mphunzitsi, osauza mnzanga, osauza kholo, n'kumawerenga mwa njira yomweyo imene inandigwetsa, chifukwa panalibe wondiuza kuti njirayo ndi yolakwika. Angandiuze bwanji, poti zonse zinali bwino?

Tsiku limene ndinabwerako ndi katundu yense, atate anandichingamira pamphambano ndi njinga. Ndinawauza pomwepo, fumbi la basi lisanakhazikike.  Anamanga thiranki yanga pa kaliya wa njingayo, n'kuyamba kukankha njinga, ine pambuyo. Tinayenda mtunda wautali, kukumveka kulira kwa tcheni kokha. Ndinkadikira kukalipiridwa, ndipo ndinali nditakonza kale mayankho. Kenako anaima, osanditembenukira, n'kunena kuti, "Chimanga chikayamba chikasu, mlimi amauza anzake chikadali m'mawondo. Wina amabwera ndi feteleza, wina ndi nzeru. Iwe wandiitana chitauma." Ndinati, "Atate, ndimaopa kukuchititsani manyazi." Apo ndiye anatembenuka. "Manyazi? Manyazi ndikanawadya ndi mchere. Chikundipweteka n'chakuti mwana wanga anavutika yekha zaka ziwiri, ine ndili moyo."

Usandimvere chisoni. Uphunzitsi ndinaukonda, ndipo ndimaudziwa. Manesi angapo a m'boma lino anayamba kuona selo ya m'thupi pa bolodi langa. Ndiponso sukupita ku Lusaka kukamaliza digiri yanga. Yanga inathera pamene inathera. Iyi ndi yako, ndipo mutu uli nawo woposa wanga, ngakhale ukabwereza mawu amenewa pagulu ndidzakana.

Koma mayeso ena udzagwa. Ndikunena ine amayi ako, si temberero. Chaka chachiwiri chimagwetsako aliyense kamodzi, ngakhale a Mutinta. Likadzafika tsikulo, dzina lako lili pansi pa mzere, usadikire kuti ukonze kaye kenako undiuze ngati nthabwala. Usandilembere kuti zonse zili bwino. Mawu amenewo ndinawapanga ndine, ndimawamva fungo ali kutali. Undiimbire tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe. Ndidzakalipa, inde, ndine mayi ndipo ndi ufulu wanga, koma mphindi zisanu zokha. Zikatha, udzandiwerengera mafunso amene unagwa, limodzilimodzi, ndipo m'mawa mwake udzagogoda pa chitseko cha mphunzitsi wako ndi pepala m'manja.

Nkhani zabwino uza aliyense amene ukufuna. Zoipa ndi zanga, ndazisungitsa, ndipo ndikuzifuna zikadali zaziwisi.

Ambuye akutsogolere pa msewu ndi m'kalasi momwe.

Ndine amayi ako.